Mitsuko Pamzere wa Mjigo

Sendererani pafupi, nkhani iyi siyofuna kukuwa.

Mudzi wa Kansengwa simungaupeze mwangozi. Uli m'chigwa pakati pa timapiri titatu, ndipo ukauonera pamwamba umangokhala ngati nsengwa imene wina adaiiwala pabwalo. Dzinalo lidachokera pamenepo. Msewu ndi umodzi, wolowera ndi wotulukira womwewo. Kummawa kwa mudzi kumadutsa kamtsinje ka Nadzumi, kamene kamachita matama m'dzinja koma pofika Seputembala kamasanduka mchenga wokhawokha. Kutsidya kwa Nadzumi kuli bwinja. Nthaka yake ndi yakuda bii, yoti chimanga chikadabereka ziwiriziwiri, koma palibe amalimako. Mbuzi za pa Kansengwa, zimene zimadya ndi sopo yemwe, zikafika pamchenga paja zimabwerera zokha.

Mukafunsa chifukwa, eni mudzi amangoti kumeneko kudatsalira abale awo. Mawu okomatu amenewo. Anthu a pa Kansengwa amadziwa kufunditsa nkhanza ndi mawu okoma. Zimene zidachitika ndi izi. Kale, azungu adakali kuyenda pamachila, mudzi udali kutsidyako, ndipo kudagwa nthomba. M'mawa wina onse amene adali bwino adanyamula mbewu, nkhuku ndi mbuzi naoloka, kusiya odwala makumi atatu ndi mmodzi m'nyumba. Poopa kuti odwalawo angadetse zitsime za mumchenga, adatseka njira zonse zotsikira kumtsinje ndi minga ya mthethe. Udali mwezi wa Okutobala. Masiku asanu ndi atatu a kutsidya adakuwa kupempha madzi, a kuno akumva, akupitiriza kukhoma mitengo ya nyumba zatsopano. Tsiku lotsatira kudangoti zii. Sadaikidwe, sadaliridwe, ndipo palibe adameta.

Maina awo satchulidwa pamudzipo. Amasungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi wosungayo adali a Ziyenda, nkhalamba yokhoma ndowa, amene bambo awo ndiwo adadula minga ija. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa, a Ziyenda ankatsikira kumtsinje ndi chikho cha madzi nathira pamchenga, milomo ikugwedera popanda mawu kutuluka. Chikho chimodzi pachaka, anthu makumi atatu ndi mmodzi. Kupatsa kwa pa Kansengwa n'kumeneko.

Fagesi sadali wa pamudzipo. Adali mtengwa, ndiye kuti mwamuna wake, Layisoni, adakamtenga kwawo kumapiri a kumadzulo m'malo mokakhala chikamwini monga amachitira amuna ena. Mtengwa pa Kansengwa amalima, amaphika pamaliro, amatunga, koma pamsonkhano amakhala kumbuyo kumene mthunzi sufika. Fagesi yekha ankakhala kutsogolo, osati chifukwa chomukonda, koma poti adafika Fomu 2 ndipo zolemba zake zidali zowongoka. Adali ndi mwana mmodzi, Sungeni, wa zaka zinayi, kamtsikana kolongolola kopatsa moni ndi nkhuku zomwe. Fagesi adapita padera kawiri asanamuone mwanayu, ndiye mutha kudziwa mmene ankamukondera. Chibadwire Sungeni, Layisoni adasiya kumuitana mkazi wake ndi mfunda wake wa Nangozo. Ankangoti amake Sungeni, ndipo dzina limeneli linkamutsekemera Fagesi koposa lina lililonse.

Chaka chimenecho madzi adavuta zedi. Amayi ankafukula mchenga wa Nadzumi mpaka kulowa m'dzenje mutu osaoneka, n'kubwerako ndi theka la ndowa ya matope. Ndiye bungwe lina lokumba mijigo lidatumiza mlangizi wake panjinga yamoto. Mlangiziyo adasiya kaundula, buku la masamba khumi, tsamba lililonse mizere makumi awiri ndi isanu. Adati mjigo umapita kumene kuli anthu mazana awiri ndi makumi asanu. Buku likadzaza makina abwera, likapanda kudzaza apita kumudzi wina. Adanenetsanso kuti mzere umodzi dzina limodzi, ndipo zolemba m'mbali sazifuna.

Adasankha komiti. Mlembi adali Fagesi, wapampando adali Dolofe, mlongo wake wa Layisoni. Dolofeyu adali mayi wa thupi, woseka kwambiri, wotha kukulasa ndi mawu uku akukupatsa mtedza. Kumsana kwake kudali khanda, Fatsani, limene adalipeza atakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi osaona kanthu. Mudzi wonse unkamutchula amake Fatsani, ndipo ukalakwitsa n'kunena kuti Dolofe sankayankha.

Fagesi adayenda khomo ndi khomo masiku atatu, akulemba m'kope kaye. Adawerenga nkhalamba, makanda, a matenda, ndi amuna ali ku Joni omwe. Onse pamodzi adakwana mazana awiri ndi makumi awiri. Adaperewera makumi atatu.

Pamsonkhano wa pansi pa mkuyu Fagesi atanena chiwerengerocho, Dolofe adaseka. Adafunsa ngati alipo adaonapo manda a abale aja a kutsidya. Palibe. Ndiye munthu wopanda manda, adatero, sungamutchule wakufa. Alembedwe. Anthu adaombera m'manja kuti amake Fatsani ali ndi mutu. A Ziyenda okha adakana, nabwerera kundowa zawo. Koma ludzu lilibe ulemu ndi nkhalamba. Patapita masiku awiri akumwa matope, adavomera pamsonkhano wachiwiri pansi pa mkuyu pomwepo, naika mfundo imodzi.

“Mukawaitana, muitane onse makumi atatu ndi mmodzi. Zomusiya wina kachiwiri, ine sindichita nawo.”

Apa ndi pamene padavuta. Amoyo ndi a kutsidya pamodzi adapitirira mizere ya m'buku ndi munthu mmodzi. Wina adayenera kutsala kunja, ndipo aliyense adakumbatira ake. Wa mwamuna ku Joni adati abwera Khirisimasi. Wa agogo osadzuka pamphasa adati agogowo ndiwo amamwa madzi ambiri. Fagesi, mopanda kuganiza zoipa, adati bwanji asiye khanda, poti likadali kuyamwa ndipo kumjigo silidzapita msanga.

Dolofe adaseka mpaka misozi, akumususuza Fatsani kumsana.

“Alamu anga, Fatsani ndi mwini nthaka ino. Mchombo wake uli kuseri kwa nyumba iyo. Koma Sungeni wanuyu si wa kwa amalume ake kumapiri uko? Mwana ndi wa kuchikazi, mwambo mukuudziwa. Akamuwerengere kwawo.”

Msonkhano wonse udapumira m'mwamba, poti mtolo udagwera mlendo. Fagesi adayang'ana mwamuna wake. Layisoni adali atawerama, akuzula munga kuphazi lopanda munga. Pobwerera kunyumba adangomuuza kuti asadandaule, ndi pepala chabe, madzi mwanayo azimwa ngati wina aliyense. Fagesi adapsa mtima, koma adameza. Masana omwewo adakhala pakhonde la a Ziyenda, nkhalambayo ikumunong'oneza m'khutu, iye akulemba: Nyamazao, Chimdima, Mwatitha, Mwadzaangati, Ndaziona, mpaka mzere womaliza udadzaza. Dzina la mwana wake adalidumpha ndi dzanja lake lomwe.

Mlangizi adabweranso kudzaitana maina. Dolofe adali atakonza kale kuti akafika pa a kutsidya, anyamata ena ayankhe m'malo mwawo. Amoyo adaitanidwa, nayankha. Kenaka mlangizi adati, “Nyamazao.”

Anyamata aja asanatsegule pakamwa, yankho lidachokera kumbuyo, kudzuwa kuja kokhala atengwa.

“Wawa.”

Adali mawu ouma, otuluka movutikira. Mlangizi sadadzutse mutu. Adachonga naitana lina, ndipo lidayankhidwa, lina mawu a mwamuna, lina a mkazi, lina a kamwana. Anthu mazana awiri adakhala pansi pa mkuyu makosi ali gwa, palibe wocheuka. Sungeni yekha, ali pamiyendo pa mayi ake, adacheuka nakweza kadzanja kupereka moni.

“Amayi, anthu awo milomo yawo yang'ambika.”

Fagesi adamutseka pakamwa. Mlangizi adadinda masamba onse khumi, nabweza buku kwa mlembi, nayamikira mudziwo kuti ndi wosunga nthawi, palibe ndi mmodzi yemwe wojomba.

Makina adabwera, adaboola masiku awiri, madzi adatumphuka oyera mbee. Nthungululu zidamveka mpaka pamwamba pa timapiri. Komiti idakhazikitsa malamulo: mjigo uzitsekedwa ndi unyolo dzuwa likafika paliwombo kuti madzi abwerere, ndipo kiyi azisunga wapampando. Amayi adayambanso chizolowezi chawo cha kuchitsime, chosiya ndowa pamzere mbandakucha kuti igwire malo, mwini wake n'kubwerera kukasesa.

Sabata yoyamba kudasowa zikho. Nyumba iyi chikho, nyumba iyo kapu, zinthu zopanda pake zoti wakuba sangazitaire nthawi. Apongozi adanamizira akamwini, akamwini adanamizira ana. Sabata yachiwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse uli m'mithunzi, adamva mkono wa mjigo ukulira: kwii, kwii, kwii, pang'onopang'ono, monga amapopera munthu wopanda mphamvu. Dolofe adathamangirako kuti akakalipe, kiyi ali m'manja. Adapeza unyolo uli chimangire, loko ali chitsekere, koma simenti yonse ili chonyowa. Adabwerako akuseka, nati ndi chitsulo chikufutukuka ndi dzuwa. Kuseka kwake tsiku limenelo kudali kwa mano okha.

Kenaka m'mawa wina, pakati pa ndowa zapulasitiki zobiriwira ndi zofiira, padapezeka mtsuko. Udali wakale, wakuda ndi utsi, woumbidwa mwa mtundu umene pamudzipo palibe amautha. Pambali pake padali nkhata ya udzu wauwisi. Amayi adafunsana, mwini wake osapezeka. Nthawi yake itakwana adaudumpha, naika ndowa yotsatira. Adapopa, adapopa, mjigo ukungotulutsa mpweya. Mayi wina adasendeza mtsuko uja pansi pa mpope, ndipo madzi adati khwaa. Adauika pambali utadzaza. Atacheuka kuti asenzetse mnzake, pamalopo padangotsala chizindikiro chonyowa.

Mawa lake mitsuko idali itatu. Mkuja isanu ndi iwiri.

Mukuganiza kuti adathawa pamudzi? Anthu a pa Kansengwa, amene makolo awo adamanga nyumba anzawo akukuwa? Adazolowera msanga. Adangogwirizana kuti mitsuko izidzazidwa nthawi yake ikakwana, osaiyang'anitsitsa, osainena. Madzi adali okoma, ndipo kunena zoona alendowo sankavuta munthu. Mmodzi yekha ndi amene zinkamuvuta.

Zidayamba pang'ono. Sungeni ankapatsa moni anthu odutsa pakhomo, iwo osayankha. Agogo ake, mayi a Layisoni, adagawira adzukulu mango, aliyense limodzi, namudumpha iye ataima pakati penipeni manja ali tambalale. Fagesi adayesa ndi kusala kwa masiku onse, poti mtengwa kusalidwa amakudziwa. Koma anzake osewera nawo adayamba kumuomba pothamanga ngati palibe chaima, ndipo mwanayo adasiya kulongolola. Choopsa koposa chidali ludzu. Ankamwa kapu yodzaza, n'kupemphanso ina, ina, mimba kutupa, koma pakhosi pali pouma. Milomo idayamba kung'ambika.

Tsiku lina Fagesi akuchokera kuchigayo, thumba lili pamutu, adakumana ndi mayi pamsewu uja umodzi. Adafunda chinsalu chakuda kumutu mpaka kumapazi, ndipo adapatukira kutchire monga ankachitira anthu akale popereka ulemu. Fagesi adapereka moni osaima. Mayiyo adayankha nkhope itayang'ana kumbali.

“Ndinu alembi, eti? Zikomo potikumbukira. Tikumwa tsopano.” Kenaka adaonjezera: “Kamwana kanu kaja tamva kuti kalibe malo. Musavutike. Kwathu nyumba zilipo zambiri.”

Fagesi sadacheuke. Adangomva fungo la nyumba imene mwagona wodwala nthawi yaitali, ndipo lidamutsata mpaka pakhomo.

Adapeza Layisoni akusoka thumba pakhonde, Sungeni atagona pamphasa pafupi ndi mapazi ake. Mwamunayo adadzutsa mutu.

“Mwabwera, Nangozo? Kodi mwana wagona apayu ngwa yani?”

Fagesi adatula thumba pang'onopang'ono. Adamuuza kuti nthabwala zoterozo sazifuna. Koma pankhope ya Layisoni padalibe nthabwala, padali chisoni. Adamugwira dzanja mkazi wake mwachikondi, chimene sankachita kawirikawiri, namukumbutsa mofatsa kuti adapita padera kawiri, kuti Mulungu sadawapatse, ndipo asamatole ana a eni poti anthu angamunene. Atayang'ananso pamphasa, maso ake adangodutsa, napitiriza kusoka.

Mbandakucha Fagesi adabereka mwana wake kuti azipita kwawo kumapiri. Ngati ndi wa kwa amalume ake, akamuwerengedi amalume akewo. Adakwera chitunda cha pakati pa timapiri, msewu umene adaudutsa kosawerengeka. Adayenda mpaka dzuwa kutentha, thukuta lili kamukamu. Msewu utayamba kutsika, adakweza maso kuti aone chigayo, koma adaona mchenga wa Nadzumi, ndi mitengo ya pabwinja kutsidya. Adabwerera, nayambanso, akuwerenga miyala ndi mitengo imene ankaidziwa. Adatulukiranso pamchenga pomwepo. Ulendo wachitatu Sungeni adayamba kudzikoka kumsana.

“Nditsitseni, amayi. Akuti kuli ana anzanga.”

Fagesi adamanga nsalu mfundo ziwiri nathamangira kunyumba. Adatulutsa kaundula m'sutikesi, nalemba dzina la Sungeni mmunsi mwa mzere womaliza, akukanikiza cholembera mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Adatseka buku. Atatsegulanso kuti aonetsetse, pamalopo padali poyera ngati sipadakhudzidwe. Adalemba m'mbali, adalemba pachikuto, chimodzimodzi.

Adapita kwa a Ziyenda, mwana ali kumsana. Nkhalambayo idamva nkhani yonse nyundo ili m'manja. Idati mwanayo siyikumukumbuka, ndipo ikayang'ana kumsanako ikungoona nsalu, koma ikukhulupirira, poti amene adagwira cholembera ndi iye ndipo yekhayo ndiye sangaiwale. Buku ladzaza, idatero. Kuti wina alowe, wina atuluke. Fagesi adati ndiye afufuta mmodzi wa kutsidya, poti iwo adafa kale. A Ziyenda adaika nyundo pansi.

“Mwana wanga, ukatero otsalawo abwera kudzafunsa m'bale wawo, ndipo sadzaima pamjigo. Adzalowa m'nyumba.”

Fagesi adafunsa chochita. Iwo adatola ndowa yobooka nayamba kuiyang'ana kudzuwa.

Kudatsala kwa wapampando. Fagesi adamupeza Dolofe pamjigo pakati pa amayi, nagwada pasimenti yonyowa, munthu wamkulu. Adapempha kuti aitane msonkhano, alembere bungwe lija liwapatse tsamba lina, achite chilichonse, poti mwana wake akutha. Dolofe adayang'ana amayi anzake, nayamba kuseka.

“Mwana wake uti, alamu? Mwayamba kubereka nsalu yopanda kanthu? Kusabereka n'kowawa, ine ndikukudziwa, koma musachite nako misala pagulu.”

Amayi adaseka nawo, ena mokweza kuti wapampando awaone. Dolofe adamutembenuzira Fatsani kutsogolo nayamba kumuyamwitsa pomwepo, Fagesi adakali chigwadire.

M'mawa mwake Fagesi adalawirira kukaika ndowa. Adawerenga mitsuko pamzere ndipo idakwana makumi atatu ndi umodzi. Onse adali atafika. Kumapeto kwa mzerewo kudali kankhata kakang'ono ka udzu wauwisi, koyenera mutu wa mwana, ndipo pambali pake padali kachitini kamene Sungeni ankasewerera zotunga madzi. Kunyumba adapeza mwanayo atakhala tsonga pamphasa, maso ali kummawa. Mwanayo adati a kutsidya amuuza kuti adzamutenga mjigo ukatsekedwa.

Dzuwa lidakwera. Layisoni adapita kudimba. Fagesi adatseka chitseko, natsamiritsako mtondo, ngakhale ankadziwa kuti mtondo suletsa kanthu. Adakhala pansi buku lili pamiyendo. Kunja adamva unyolo ukulira, Dolofe akutseka mjigo, kenaka mudzi udati zii. Patapita kanthawi mkono wa mjigo udayamba: kwii, kwii. Sungeni adaimirira napita kuchitseko.

Fagesi adatsegula tsamba lachinayi, pamene padali dzina lake, naikapo nsonga ya cholembera. Ndikadakonda kukuuzani kuti adafufuta pamenepo, nkhani n'kukoma. Adaganizadi zotero. Koma adaganizanso za amene adzalere mwanayo: bambo wozula munga kuphazi lopanda munga, agogo a mango, azakhali oseka. Ndiponso, tisabise, ankaopa. Ankaopa ludzu, ankaopa nyumba zambiri zija. Ndipo pansi pa mantha padali china, chotentha, chimene chidayamba tsiku la pansi pa mkuyu ndipo chidakula dzulo lake pasimenti.

Adatembenuza masamba kubwerera kumbuyo. Banja la wapampando lidali patsamba loyamba, poti Dolofe adaumirira kuti likhale poyamba. Mzere wachitatu: Fatsani. Fagesi ankadziwa bwino lomwe kuti zaka zisanu ndi zinayi zodikira mwana zimawawa bwanji. Adajambula mzere umodzi wowongoka, monga mwa luso lake, nalemba pamwamba pake: Sungeni.

Adatseka buku, natsegulanso. Dzina lidalipo.

Mjigo udasiya kulira. Sungeni adachotsa dzanja pachitseko, nayang'ana mayi ake ngati wodzuka kutulo, napempha madzi. Adamwa theka la kapu nati akhuta. Layisoni pobwera kudimba adamunyamula m'mwamba, akudandaula kuti mwana wawonda bwanji chotere, amake Sungeni, kodi simukumupatsa chakudya? Fagesi adalira, ndipo mwamunayo sadamvetse cholirira.

Chakumadzulo mjigo utatsegulidwa, Fagesi adapita kukatunga, Sungeni akudumphadumpha patsogolo, akupatsa moni aliyense, aliyense akuyankha. Kankhata kaja padalibe. Nthawi ya Fagesi itakwana, adaika ndowa nagwira mkono wa mjigo. Ndi pamene adamva kulira kwa khanda. Kunkachokera m'nyumba ya Dolofe, mapazi makumi atatu okha kuchokera pamjigo, kulira kwa mwana amene wadzuka kalekale ndipo mawu ayamba kusasa.

Dolofe adatulukira m'nyumba momwemo, ndowa ili m'manja, akuseka. Nsalu yoberekera idali chimangire pachifuwa, kumsana ili lende. Bulauzi yake idali itanyowa mbali zonse ziwiri.

“Amayi inu, taonani zodabwitsa. Mkaka ukungochucha ngati ndili ndi khanda. Ine wa zaka zonsezi osaona kanthu!”

Amayi adaseka, wina nati mwina ndi mwayi ukubwera, a Dolofe, musataye mtima. Adamutchula a Dolofe, ndipo adayankha. Adamasula mfundo ya nsalu, natulutsa mtedza, naitana Sungeni.

“Bwera kuno, mwana wa achimwene anga. Ine wanga ndiwe basi.”

Khanda lidalirabe. Palibe adatembenuza mutu, ngakhale Sungeni. Fagesi yekha ndiye ankamva, ndipo chitseko cha nyumbayo chidali chotsegula. Akadatha kusiya ndowa, kuyenda mapazi makumi atatuwo, n'kulinyamula. Miyendo yake idakana, kapena iye ndiye adaikaniza, izo akudziwa ndi mwini wake. Kenaka kulira kuja kudasintha, kudayamba kudukizadukiza monga amalirira mwana amene wina wamunyamula ndipo akuyenda naye. Kudatuluka pakhomo. Kudadutsa kuseri kwa nkhokwe, n'kulowa njira yotsikira kumtsinje.

“Alamu, mwangoti duu bwanji?” adatero Dolofe. “Popani, tikudikira.”

Fagesi adapopa. Adapopa mwamphamvu, mkono wa mjigo ukulira kwii, kwii, kuti kulira kwina kuja kusamveke. Ndowa idadzaza, madzi adasefukira pasimenti, pamapazi ake, m'ngalande, amayi akumukalipira kuti akuononga madzi. Sadaleke mpaka kulirako kudaoloka Nadzumi.

Lero mukafika pa Kansengwa n'kufunsa mbiri ya mudzi, adzakulozerani kwa mayi wina wa imvi amene amasunga kaundula. Palibenso amamutchula mtengwa. Pamsonkhano amakhala mumthunzi, ndipo mawu ake amamveka. Adzakuuzani za timapiri titatu, za Nadzumi, za chaka chimene mjigo udabwera. Mukafunsa za bwinja, adzati kumeneko kudatsalira abale athu, ndipo adzanena mokoma kuposa eni nthaka. Koma mvula yoyamba ikagwa, anthu amamuona akutsikira kumchenga yekha atanyamula kapu ya mkaka, ndipo mlamu wake Dolofe, amene adakalamba wopanda mwana, amamuseka chaka ndi chaka kuti akutaya mkaka wabwinobwino.